Njinga yothamanga ya matayala atatu: zoyenera kuyerekeza mukamaiyesa pamsewu

Mphindi 10 zoyamba pa njinga ya matayala atatu yopalasa chotsamira zimanamiza aliyense. Mwakhala pansi penipeni, thako lili masentimita osafika 20 kuchoka pa phula, miyendo yatambasukira kutsogolo, msewu ukudutsa pambali pa zigongono zanu. Liwiro la makilomita 20 pa ola limamveka ngati la 35. Chishalo sichikupweteka, manja sakunyamula thupi, ndipo mukaima simugwa. Munthu amatsikapo akumwetulira, mtima utagula kale. Vuto ndi lakuti trike iliyonse (ili ndi dzina lachidule la njinga ya matayala atatu), yokuyenerani ndi yosakuyenerani yomwe, imapereka chimwemwe chomwecho m'mphindi zoyambazo. Kusiyana kwake kumadzaoneka ola likatha, khosi likayamba kudandaula, kapena pakona yoyamba ya mtsetse.

Ndikulembera inu amene mwatsimikiza kale kuti mukufuna njinga yotere, mukufuna yothamanga, ndipo mwapeza mpata woyesa ziwiri kapena zitatu. Ndakwerapo zosiyanasiyana, zina masana amodzi, zina miyezi ingapo, ndipo chimene ndaona n'chakuti njinga imene imakufikitsani msanga ndi imene thupi lanu lingathe kuipalasa mwamphamvu maola atatu pa misewu imene inuyo mumayendamo. Nthawi zambiri imeneyo si imene ili pamwamba pa kabuku ka kampani.

Choyamba tiuzane zoona pa nkhani ya liwiro. Pamalo athyathyathya, chimene chimadya mphamvu za wopalasa ndi mphepo. Mukadutsa makilomita 20 kapena 25 pa ola, thukuta lanu lambiri limathera poikankha, ndipo kuti muwirikize liwiro kawiri, mphamvu yogonjetsera mphepoyo iyenera kuwirikiza ka 8. Munthu wotsamira chagada amapatsa mphepo malo ochepa oti imenye. Umboni wake ndi wakale: pa 7 July 1933 ku Paris, Francis Faure anapalasa makilomita 45.055 m'ola limodzi pa njinga yotsamira ya Charles Mochet, n'kuposa mtunda umene Oscar Egg anaika mu 1914. Chaka chotsatira UCI, bungwe loyang'anira mipikisano ya njinga padziko lonse, linasintha malamulo ake n'kuletsa njinga zotere, n'chifukwa chake njinga zotsamira simuziona m'mipikisano ikuluikulu mpaka lero. Koma ya Faure inali ya matayala awiri. Tayala lachitatu limabwera ndi katundu wake: kulemera, kutambalala kwa kutsogolo, matayala ang'onoang'ono amene sagubuduka mofewa ngati aakulu, ndi tcheni chotalika pafupifupi katatu kuposa cha njinga wamba. Pa msewu wosalala wopanda zitunda, makamaka mphepo ikamachokera kutsogolo, trike yabwino imatha kuyendera limodzi ndi njinga zampikisano. Pamtsetse imazisiya. Pachitunda zimaisiya iyoyo. Wina akakuuzani zosiyana ndi izi, m'pempheni kuti mukayesere limodzi pachitunda.

Njingazi zilipo za mitundu iwiri, ndipo apa sitichedwapo. Tadpole ili ndi matayala awiri kutsogolo ndi limodzi kumbuyo. Dzinalo ndi la mbululu, kamwana ka chule kaja kakakulu kumutu, kowonda kumchira. Delta ili ndi limodzi kutsogolo, awiri kumbuyo. Delta ngati Kettwiesel ya kampani ya Hase ya ku Germany ili ndi mpando wokwera, wosavuta kukhalapo ndi kudzukapo, ndipo imatembenuka pamalo ochepa modabwitsa. Kwa munthu wa mawondo kapena chiuno chovuta, imeneyi ndi mphatso. Koma mukamalowa kona muli paliwiro, buleki ili m'manja, thupi limakankhidwira kunja ndi kutsogolo. Tadpole ili ndi tayala pomwepo loti likuchirikizeni, pamene delta pamalo amenewo ilibe kanthu. Choncho zonse zotsatirazi ndi za tadpole.

Ya mpikisano yeniyeni

Mumaidziwa ndi tayala lalikulu lakumbuyo la 700c (saizi ya matayala a njinga zampikisano za matayala awiri), matayala a mainchi 20 kutsogolo, ndi mpando wogona kwambiri. Zodziwika bwino ndi Catrike 700, yopangidwa ku Orlando ku Florida, ndi VTX ya kampani ya ICE ya ku Falmouth ku England. Zimalemera makilogalamu pafupifupi 15 kapena kucheperapo pang'ono, ndipo zilibe mashoko. Mpando wa Catrike 700 uli pa madigiri 25 ndipo ndi mbali ya felemu, choncho mmene mwaupezeramo ndi mmene udzakhalire.

Tsiku loyamba kukwera njinga ya gulu ili ndinali pa phula latsopano, ndipo ndinamvetsa chimene anthu amaikondera. Mukaponda pedulo, msana umakankha mpando, mpandowo subwerera m'mbuyo, mphamvu yonse imapita ku tayala. Pamtsetse wautali ndinasiya kupalasa, mphepo ikungodutsa pamwamba pa chifuwa, anzanga a njinga za matayala awiri akutsalira m'mbuyo ali chowerama. Patatha ola ndi theka nkhani inasintha. Pa madigiri 25 maso amaloza kumitambo, ndiye kuti muone msewu muyenera kukokera chibwano pachifuwa. Minofu ya kutsogolo kwa khosi, imene sinagwirepo ntchito yotere, imayamba kuotcha. Ndinaika mutu pa kotsamira kake, koma titalowa pa phula lokhakhala, kugwedezeka konse kwa tayala lakumbuyo kunkafika m'chigaza, zikwangwani za pamsewu n'kumaoneka ziwiriziwiri. Zala zakumapazi nazo zinachita dzanzi, chifukwa pa njinga zotere mapazi amakhala pamwamba kuposa thako. Anthu ambiri khosi lawo limazolowera pakapita milungu ingapo. Ena silizolowera n'komwe, ndipo simungadziwe kuti muli m'gulu liti ngati mwangozungulira pamalo oimika magalimoto.

Yesaninso kudzukapo kangapo miyendo itatopa. Mpando wa pansi chonchi umafuna ntchafu zamphamvu, ndipo mahandulo sanapangidwe kuti muzigwira podzuka. Ngati misewu yanu ndi yosalala, thupi lanu ndi lofewa, ndipo chimene mukufuna ndi kupikisana ndi wotchi, gulu ili ndi lanu, palibe lina lokupatsani kukoma komweko.

Yapakati, imene ndimalozera anthu ambiri

Muno muli njinga ngati Catrike Expedition, ICE Sprint X, Scorpion ya HP Velotechnik ya ku Germany ndi Tricon ya Azub ya ku Czech Republic. Mpando ndi wodzukako, nthawi zambiri pakati pa madigiri 30 ndi 45, ndipo pa zambiri mwa izo mumatha kuugoneka kapena kuudzutsa. Pali malo a matayala onenepa, zotchingira matope ndi kaliyala. Zimalemera makilogalamu angapo kuposa zampikisano, ndipo pachitunda mudzawamva makilogalamuwo. Koma mpando wosinthika ndi chuma chachikulu kwa wongoyamba. Mumayamba muli chodzukako, mukuona bwino magalimoto ndi maenje, kenako mwezi ndi mwezi mumaugoneka pang'onopang'ono khosi likamalimba. Mukaugoneka mpaka kumapeto n'kuika matayala opepuka, kusiyana kwake ndi ya mpikisano pamalo athyathyathya kumachepa kwambiri. Ya mpikisano ilibe njira yotere yobwerera m'mbuyo.

M'gulu lomweli muli funso la kukula kwa tayala lakumbuyo: mainchi 20, mainchi 26, kapena 700c. Tiwerengere. Giya ya mano 52 kutsogolo ndi 11 kumbuyo, pa tayala la 700c, imakupititsani mamita pafupifupi 9.9 mukazunguza mapedulo kamodzi. Mukamazunguza ka 90 pa mphindi, amenewo ndi makilomita oposa 53 pa ola. Giya yomweyo pa tayala la mainchi 20 imapereka mamita pafupifupi 7, kutanthauza makilomita 38 pa ola, ndipo kupitirira pamenepo miyendo imangozungulira pachabe. Wokonda kupalasa mwamphamvu pamtsetse tayala laling'ono limamugwira miyendo, pokhapokha ataika magiya apadera. Komatu tayala laling'ono lili ndi zabwino zake. Limapereka magiya ofewa kwambiri a pachitunda, ndi lolimba pakona chifukwa masipoko ake ndi aafupi, njinga imakhala yaifupi yosavuta kunyamula, ndipo chubu chimodzi chapadera chimakwana matayala onse atatu. Kumbukirani kuti trike siyendama pakona monga njinga wamba, choncho matayala ake amakankhidwa cham'mbali, ndipo tayala lalikulu limatha kumveka likupindika pang'ono mukakhota mwamphamvu. Choipa china cha laling'ono n'chakuti chosinthira magiya chakumbuyo chimalendewera pafupi ndi nthaka, n'kumatola udzu ndi miyala. Ine ndimaona la mainchi 26 kukhala logwirizanitsa zonse, koma ngati kwanu n'kwa mapiri, la 20 musalinyoze.

Kenako mashoko. Pa njinga wamba mukaona bampu mumadzuka pachishalo, miyendo n'kulandira kugundako. Pa trike simungadzuke, chilichonse chimathera mumsana. Komanso matayala atatu amaponda mizere itatu, ndiye dzenje limene njinga wamba ingalizembe mosavuta, inu mudzaliponda ndi tayala limodzi mwa atatuwo. N'chifukwa chake pali Scorpion fs, Catrike Dumont ndi Azub Ti-Fly, imene kutsogolo kwake ili ndi masipuling'i a titanium, komanso njinga za ICE zogwiritsa ntchito timabuloko ta labala. Mashoko amawonjezera kulemera ndi zinthu zofunika kukonza, koma pa msewu woipa amakuthamangitsani, chifukwa matayala amakhala ogwira pansi ndipo inu simusiya kupalasa kuti mupirire kugunda. Musanapange chiganizo, pemphani kuyesa njinga yopanda mashoko imene ili ndi matayala onenepa, monga Schwalbe Big Apple, osapopa kwambiri. Pa phula longokhakhala, matayala otere amachotsa kunjenjemera kwambiri. Pa maenje enieni sangalowe m'malo mwa mashoko.

Za mpando wa neti ndi wolimba ndinena mwachidule. Wa neti umalowetsa mpweya kumsana ndipo umakwana matupi ambiri. Wolimba, wa carbon kapena fibreglass, umapereka pokankhira pabwino ndipo umakugwirani pakona, koma uli ndi masaizi ngati nsapato. Ukakhala wosakukwanani mudzaumva pamapewa kapena pansi pa msana, ndipo thukuta limachuluka.

Chiwongolero, mabuleki ndi makona

Apa ndi pamene ulendo woyesa umaulula zimene palibe kabuku kangakuuzeni. Pa chiwongolero chachindunji, chimene Catrike imagwiritsa ntchito, handulo iliyonse imamangidwa pa chitsulo chokhotetsa tayala. Palibe chogwedera, njinga imamvera nthawi yomweyo, ndipo msewu mumaumva m'manja, zabwino ndi zoipa zomwe. Pa chiwongolero chodzera pa timitengo tachitsulo, chimene ICE, HP Velotechnik ndi Azub amakonda, handulo imodzi imazungulira pansi pa mpando n'kumakoka matayala. Ndi chopepuka m'manja, chodekha paliwiro, ndipo mabampu safika kwambiri m'zikhatho. Palibe choposa chinzake kwa aliyense. Chimene muyenera kuyesa ndi ichi: pamtsetse wowongoka, muli pa makilomita 40 kapena kuposa, masulani manja pang'ono, muzingokhudza mahandulo ndi zala. Njinga yabwino imapita chowongoka. Wongoyamba amagwira mahandulo gwa, ndipo kugwedezeka kwa mapewa ake kumalowa m'chiwongolero, njinga n'kumapita uku ndi uku, iye n'kumaida njingayo pamene vuto lili m'manja mwake. Pondaninso mwamphamvu pa giya yolemera, muone ngati mphuno ya njinga ikugwedezekera kumanja ndi kumanzere potsatira miyendo. Pang'ono n'zachibadwa ndipo zimachepa mukaphunzira kupalasa mozungulira bwino. Zikachuluka, zidzakutopetsani.

Ma tadpole ambiri ali ndi buleki yakeyake pa tayala lililonse lakutsogolo, dzanja lamanja tayala lamanja, lamanzere lamanzere. Pa liwiro lochepa gwirani buleki imodzi yokha, muone mmene njinga ikukokera mbali imeneyo. Ina imangopotoka pang'ono, ina imakhota ndithu, ndipo izi n'zofunika chifukwa tsiku lina mudzakhala mukuloza ndi dzanja limodzi kumene mukukhotera uku mukugwira buleki ndi linalo. Kenako gwirani zonse ziwiri mwamphamvu. Njingazi zimaima msanga kwambiri, moti tayala lakumbuyo limatha kunyamuka ndipo mano a giya yakutsogolo n'kukhudza pansi. Ndi bwino kuzimva zimenezi pamalo opanda magalimoto kusiyana ndi kudzazimva koyamba pamphambano. Mabuleki a disiki ngati Avid BB7 amaluma mwamphamvu ndipo ndi abwino pa mitsetse italiitali. A dilamu a Sturmey-Archer ndi ofatsa, saopa mvula ndi matope, ndipo amatha nthawi yaitali osafuna kukhudzidwa.

Trike imagubuduzika, musalole wina akunamizeni. Ndinaphunzira izi pakona ya kumanzere, kumapeto kwa kamtsetse kakang'ono, pamene msewu unali wopendekera kunja. Ndinalowa ndili phee pampando ngati ndili m'galimoto, ndipo ndinaona tayala lakumanzere likunyamuka, likuzungulira m'malere pafupi ndi dzanja langa. Ndinawongola pang'ono, linabwerera pansi, koma ndinathera mbali ya msewu imene sindinayenera kukhala. Mwayi kunalibe galimoto. Pakona muyenera kuponyera mapewa mkati, ndipo liwiro mulichepetse musanalowe. Poyesa njinga, pezani bwalo lalikulu lopanda kanthu, muzungulire mozungulira momwemo mukuwonjezera liwiro pang'onopang'ono mpaka mumve tayala lamkati likupepuka. Njinga ya mpando wa pansi ndi matayala otalikirana imachedwa kufika pamenepo. Ya mpando wokwera imafika msanga. Mukachita izi pa njinga ziwiri motsatizana, kusiyana kwake mudzakumva m'thupi.

Chinthu chimodzi sindinyengerera nacho: mapazi akhale omangika ku mapedulo. Phazi likapulumuka n'kugunda pansi njinga ikuyenda, limakokedwera kunsi kwa chitsulo chopingasa cha felemu, njinga n'kukwera pa mwendo wanu womwe. Anthu athyokapo miyendo motere. Bwerani ndi nsapato zanu zodina pa mapedulo, monga za SPD, kapena pemphani mapedulo okhala ndi malamba ogwira chidendene. Pa trike palibe choopa pomanga mapazi, popeza mukaima simufunika kuponda pansi.

Ngati liwiro ndilo lokha mukufuna

Pali njira ina yoposa zonsezi pamalo athyathyathya: velomobile, imene ndi trike yovekedwa chigoba chonse chong'amba mphepo, monga Quest ya ku Netherlands kapena Milan ya ku Germany. Mu 1996 Andy Wilkinson anachoka ku Land's End kukafika ku John o' Groats, kuchoka kumapeto kwa Britain kukafika kumapeto ena, m'maola 41 ndi mphindi 4, pa trike yotchedwa Windcheetah yokhala ndi chigoba. Njinga imeneyi anaipanga ndi Mike Burrows, yemwenso anapanga njinga ya Lotus imene Chris Boardman anapambanira golide pa masewera a Olimpiki ku Barcelona mu 1992. Mu velomobile, munthu wamba amasunga liwiro limene pa trike yosavala sangalilote. Koma zambiri zimalemera makilogalamu 25 mpaka 35, mkati mumatentha ndipo mumachita phokoso, kutembenuka kumafuna msewu wonse, ndipo kosunga kumafunika malo ngati a kagalimoto. Pachitunda chachitali mudzakwawa. Mota yamagetsi yothandiza kupalasa, ya Bosch kapena Shimano, imathetsa vuto la zitunda pa trike iliyonse, koma m'mayiko a European Union lamulo limati isiye kuthandiza pa makilomita 25 pa ola, ndiye pamalo athyathyathya wothamanga amangonyamula kulemera kwake.

Tsiku loyesa lenileni, musafulumire kunyamuka. Paipi yonyamula mapedulo, imene amaitcha boom, iyenera kukokedwa kapena kulowetsedwa kuti ikwane miyendo yanu: chidendene chikakhala pa pedulo yakutali, mwendo uwongoke ndithu, kuti mukaika phazi bwino bondo likhale lopindika pang'ono. Ikatalika masentimita awiri okha, kuseri kwa bondo kudzapweteka ndipo mudzaweruza njinga molakwa. Ngati ndinu wamfupi, onani kuti zidendene sizikugunda chitsulo chopingasa kapena pansi. Ikani galasi loonera kumbuyo, chifukwa mutatsamira simungatembenuze mutu bwino, ndi mbendera kuti oyendetsa magalimoto akuoneni.

Sankhani njira imodzi ya ola lathunthu yokhala ndi chitunda chenicheni, mtsetse, makona ndi chigawo cha msewu woipa, ndipo njinga zonse muziyese pa njira yomweyo, ndi chida choyeza liwiro, poti pansi chonchi maso amanamiza. Pachitunda imani dala pakati, kenako muyambirenso. Pamenepo mudzaona mphatso yeniyeni ya matayala atatu, kuti mutha kukwera pa liwiro la munthu woyenda pansi osagwa, ndipo mudzadziwanso ngati giya yofewa ya njingayo ikukwanira. Musakankhe giya yolemera podalira mpando, mawondo ndi amene amalipira. Zunguzani mofulumira pa giya yopepuka. Mukaona kuti nambala za tsikulo zili pansi pa zimene mumapeza pa njinga yanu yakale, musataye mtima. Kupalasa chotsamira kumagwiritsa ntchito minofu mwanjira ina, ndipo miyendo imatenga milungu, ena miyezi, kuti izolowere. Yerekezani trike ndi trike inzake.

Ine nditayesa zonsezi ndinatsalira pa yapakati ya tayala la mainchi 26 kumbuyo, ya mpando wosinthika ndi matayala onenepa, chifukwa misewu imene ndimayendamo ili ndi zigamba zambiri ndipo maulendo anga ndi ataliatali. Pa phula labwino ndimaisilirabe ya 700c ikamandipitirira. Musanapereke yankho kwa wogulitsa, tengani tepi muyeze khomo la kumene muzikaisunga ndi kumbuyo kwa galimoto imene muziinyamulira. Ma tadpole ambiri ndi otambalala masentimita 75 mpaka 85, a tayala lalikulu kumbuyo amatalika pafupifupi mamita awiri, ndipo ampikisano ambiri sapindika. Ngati njingayo ndi yopindika, ipindeni nokha, muinyamule nokha, wogulitsayo angoyang'ana.